Banga la Kumsana

Magazi anga ndi aliuma. Amangoundana okha m'miyendo popanda wowaputa. Madokotala, poopa kuti chibuma china cha magaziwo chidzathamangira ku mapapo, anandiika kasefa kachitsulo mu mtsempha waukulu wopita ku mtima, ka timiyendo ngati kangaude. Anandipatsanso mankhwala osungunula magazi, ine n'kubwerera ku ntchito yanga yometa anthu.

Msana utayamba kuwawa sindinadabwe. Ndi wometa uti amene msana sumupweteka? Tsiku lonse uli chiimire, kuweramira mitu ya eni. Ndinagula asipirini pa golosale n'kumangomeza awiriawiri. Ululu ukati zii, ndagwira makina.

Ndinakomoka ndili pakati pometa munthu. Akuti mwiniwakeyo anandiperekeza ku chipatala ali chomwecho, mutu wometedwa mbali imodzi, anthu akumuseka m'njira.

Nditatsitsimuka, dokotala anandiuza kuti kamwendo kena ka kasefa kaja kanaboola mtsempha, magazi akhala akuchucha m'kati, ndipo asipirini uja pamwamba pa mankhwala anga anangowatsegulira njira.

"Mankhwala tikasiya magazi aundana, tikapitiriza mutaya ambiri," anatero. "Tiyenda nanu pang'onopang'ono, bambo."

Namwino ponditembenuza anafuula. "Aa, bambo! Banga lonseli? Lakuda bii, kuchokera m'chiuno mpaka m'nthiti. Si la dzulotu ili. Kunyumba palibe analiona?"

"Ana ali kutali."

"Nanga amayi?"

Ndinangoyang'ana khoma. Mkazi wanga ndiye ankanditsuka kumsana, uku akundinena kuti ndimasamba kumaso kokha ngati mwana wasukulu. Akanaliona tsiku loyamba lomwe, akanandikokera kuno ndi khutu. Chimwalirireni iye, msana wangawu palibe wauonapo, ngakhale ine mwini. Zimenezi zinandiwawa kuposa majakisoni awo onse.

Kasefa kaja anakachotsa, koma mankhwala ndikumwabe. Ponditulutsa namwino uja anati, "Muzipempha wina azikuyang'anani kumsana m'mawa uliwonse. Likangobweranso banga, thamangani kuno." Ndinavomera, ndikanatani.

Ku shopu ndili ndi kagalasi kam'manja koonetsera makasitomala kunkhongo kwawo. Masiku ano ndikaweruka ndimapita nako kunyumba. M'mawa ndimavula malaya, kufulatira galasi la pa wodilopu, n'kukakweza paphewa.

Lero kunalibe banga. Ndinangopezeka ndafunsa mokweza, monga ndimachitira ndikamaliza kumeta, "Zili bwino, bwana?"

Ndipo ndinaima pomwepo, kagalasi kali m'mwamba, kudikira yankho.