Mpeni wa a Bachis Ukhale ndi Nsonga

Kwathu kuno ku Pattada, mudzi wa abusa a nkhosa ndi osula mipeni, mwamuna akhoza kuiwala chipewa, koma mpeni wopinda suchoka m'thumba. Ndi umene amadulira buledi ndi tchizi kubusa, ndi umene amawengera ziboda za nkhosa, ndipo pa chakudya aliyense amatulutsa wake. Choncho tsiku limene Mallena anatenga mpeni wa bambo ake, a Bachis Mureddu, sanawalande chitsulo chokha ayi.

Sanachite mwankhanza mwanayo, ndipo mpomwe pankawawira. Matenda a shuga anali atawadya maso madalawo, dziko lonse n'kungotsala ngati utsi. Tsiku lina anadzicheka chala podula soseji, Mallena n'kutenga mpeniwo ati akautsuke. Sunabwerenso. Kuyambira pamenepo nyama inkafika m'mbale mwawo ili yodulidwa kale tizidutswa ta mwana wosamera mano. Ankadya, poti njala n'chilombo, koma ankadya mwamanyazi.

Nyengo yometa nkhosa inali pafupi. Anansi amabwera kudzathandiza kumeta, ndipo ntchito ikatha mwini khola amaotcha nkhosa, n'kuidula ndi dzanja lake, n'kugawira aliyense. A Bachis anamva Mallena akunong'oneza mwamuna wake Nanneddu kuti chaka chino adule ndi iyeyo. Anthu amaiwala kuti maso akafa makutu satsagana nawo. M'mawa mwake madalawo anatenga ndodo, n'kumapapasa makoma mpaka kwa a Barore, wosula mipeni, mnzawo amene ankaba naye mphesa ali ana.

Koma Mallena anali atadutsako kale masiku apitawo, atachonderera kuti bambo akabwera musawapatse chinthu choti adzipweteke nacho. A Barore anawakhazika pampando, n'kuwaika m'manja mpeni wodukiza kutsogolo, wopanda nsonga, ati anthu a m'migodi kumwera uko amaukonda kwambiri. A Bachis anayendetsa chala kuchokera pachigwiriro mpaka pomwe chitsulo chinathera mwadzidzidzi.

"Iwe Barore, ndakuuza kuti ndikufuna supuni?"

"Umadula bwinobwino umenewo, Bachis."

"Ukampatse amene anakutuma. Wanga ukhale ndi nsonga yoti ikhoza kuchotsa minga kuphazi."

A Barore anayesa njira ina. Anatulutsa chitsulo chosachita dzimbiri, chowala ngati galasi, ati masiku ano aliyense akufuna chimenechi chifukwa sichivuta kutsuka. Atamva za kutsuka, a Bachis anatemetsa nkhwangwa pamwala. Anati chitsulo chimenecho n'cha anthu amene mipeni yawo imatsukidwa ndi ena. Iwo ankafuna chakale chija, chimene chimada chikadula anyezi, chimene chimamva mwala ukachinola ndiponso chimanunkha chikafuna mafuta. Dzimbiri lake adzalimva ndi chala, ndipo adzalichotsa okha.

Kenako inafika nkhani ya chigwiriro. A Barore anabweretsa bokosi la nyanga za nkhosa zamphongo zimene zinakhala zikuuma padenga kwa zaka, n'kuyamba kutama ina yowala ngati uchi, imene alendo amailimbirana. A Bachis anaseka koyamba tsiku limenelo, n'kufunsa kuti uchiwo auone ndi chiyani. Anapisa manja m'bokosimo, n'kumagwira imodziimodzi, mpaka anapeza ina yamizeremizere, yolemera, yokhota pang'ono kunsi. A Barore anati imeneyo ndi yakuda, yonyansa, anangoisunga chifukwa chosowa potaya.

"Ndiye yanga imeneyo. Ifenso anangotisunga chifukwa chosowa potaya."

Wosula uja anatsokomola, n'kukoka mpando kukhala pafupi, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kugwira ntchito ya Mallena. A Bachis analamula kuti nyangayo isapalidwe mpaka kuterera, mizere itsale kuti igwire dzanja ngakhale lili ndi mafuta a nyama. Kumsana kwa chitsulo atemeko timizere ndi tupa, chala chachikulu chizidziwa pokhala. Mkuwa wa pakhosi pa mpeniwo usalembedwe maluwa, koma mbali imodzi achitepo kachibowo kuti mumdima wawowo azidziwa kumene yaloza mbali yakuthwa ya mpeni. A Barore anawonjezapo chawo, kuti pamsomali wopindira amanga molimba, mpeni usamadzitsekere wokha pa zala. Chimenecho chokha a Bachis anavomera, poti chinali nzeru ya mmisiri, sichinali chisoni.

Tsiku lometa linafika, mpeni uli m'thumba, Mallena osadziwa. Nkhosa zitametedwa, anthu anakhala pamthunzi wa mitengo, vinyo akuyenda, nyama yootcha n'kuikidwa pathabwa. Nanneddu anapukuta manja. Anali munthu wabwino, kungoti mumtima ankati tsabola wakale sawawa. Asanagwire kanthu, apongozi ake anagogoda tebulo ndi ndodo n'kunena kuti thabwalo libwere kuno.

Phokoso linazima. Anthu anamva mpeni ukutseguka pang'onopang'ono.

"Bambo, mwautenga kuti umenewo?" anafunsa Mallena.

"Kumene amuna amatenga mipeni, mwana wanga."

Anayamba kupapasa nyama ndi dzanja lamanzere, kufuna mfundo za mafupa. Nkhosa anazidziwa moyo wawo wonse, ndipo nkhosa yootcha sisuntha mafupa ake chifukwa choti mwini wake wachita khungu. Nsonga inalowa paphewa, mwendo n'kugwa wokha. Anayamba kuitana anthu mayina, aliyense ndi gawo lake: mwendo kwa amene anameta zambiri, nyama yofewa ya m'nthiti kwa a Barore amene mano anawathera, mchira wonona kwa Nanneddu. Mantha anali nawo, tisaname. Koma ankasangalala kuposa tsiku lililonse chiyambire mdima uja.

Ali pakati podula msana, mpeni unaterereka pafupa n'kupsompsona chala chamkombaphala. Magazi anadontha pathabwa. Mallena anadzambatuka, kansalu kali m'manja.

"Khala pansi," anatero a Bachis mosakweza mawu. "Nkhosa ndi yanga, mpeni ndi wanga, magazinso ndi anga. Ndinayamba kudzicheka iwe usanabadwe, ndili ndi maso awiri."

Anayamwa chalacho, n'kupitiriza mpaka thabwa linatsala mafupa. Kenako anapukuta mpeni pa thalauzi, uku ndi uku.

Mallena anali ataima pambali pawo. A Bachis anamva mpweya wake, ndipo anadziwa kuti dzanja latambasulidwa ngati tsiku lija la soseji, likudikira mpeni kuti akautsuke. Analifunafuna dzanjalo mpaka analigwira, n'kuikamo impso yootcha imene anaibisa m'mphepete mwa thabwa, gawo limene Mallena ankalilirira ali kamtsikana. Mpeni uja anaupinda n'kuubweza m'thumba mwawo.

Mallena anaima nthawi yaitali, impso ikumuotcha m'manja. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kudya, misozi ikutsika, ndipo buledi amene anali patsogolo pake anamukankhira kwa bambo ake, wosadula.