Mpweya wa a Oswald

"Mwabwerako msanga bwanji? Leronso mumalalikira mabenchi?" anafunsa Millicent, uku akusenda chinangwa.

Davis, mwamuna wake, anangoponya buku la nyimbo pampando. Mapemphero a amuna a Lachitatu ku Khuyu ankatsogolera ndi iye, ndipo mawu ake ankatamandidwa mpaka ku Chipyela. Koma chibwerere Oswald ku Joni, chifuwa chitatha ndi fumbi la mumgodi, amuna anayamba kusonkhana pakhonde pake. Munthu woti sankamaliza n'chiganizo chomwe osatsokomola! Nsanje inkamudya Davis ngati chiswe.

Ndiye kunagwa maliro a msodzi wina wa m'mudzimo. Davis anatsogolera nyimbo kuchokera pasiwa, anthu akumvetsera mwaulemu. Atafika pachitunda cha miyala chopita kumanda, pamene ngakhale wamphamvu amapuma wefuwefu, anatembenuka.

"A Oswald, paja inu ndiye m'busa wa amuna masiku ano. Tatipitirizirani nyimboyi."

Oswald anadziwa kuti wamutchera msampha, koma anaiyamba. Mzere woyamba unatuluka monjenjemera. Pa wachiwiri chifuwa chinamugwira, anaweramira pandodo yake. Mtima wa Davis unakondwa, tisabise.

"Abale anga, mpweya wandithera," anatero Oswald misozi ili m'maso. "Ndekha sinditha. Ndinyamuleniko."

Amene anayamba kuitola nyimboyo ndi Eston, chidakwa chimene chinali chisanamvekepo chikuimba m'tchalitchi. Onyamula bokosi analowapo, kenako amuna onse, mawu osalongosoka koma amphamvu. Awiri anamugwira Oswald m'khwapa n'kukwera naye. Davis anakweza mawu ake okoma aja, koma palibe anamumva.

Pobwerera Davis anamupeza Eston panjira.

"Iwe, ine ndakhala ndikukuimbirani zaka zonsezi, sunatsegulepo pakamwa. Lero chavuta n'chiyani?"

"A Davis, inu mukamaimba simusiya malo. Ife tilowere pati? Koma a Oswald akapanda ife, nyimbo ifera panjira."

Kunyumba Millicent anangomupatsa madzi osamba m'manja. Tsikulo sanamuseke, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa kusekedwa.

Lachitatu Davis sanapite kumabenchi ake. Anakakhala kumapeto kwa khonde la Oswald, nsanje ikadali pakhosi. Itafika nthawi yoti aliyense anene chomulemera, maso onse anagwera pa iye. Anatsegula pakamwa, koma mawu otchuka aja anakana kutuluka.

"Musafulumire, achimwene," anatero Oswald. "Pano timadikirana."