Mkaka Wanga Si Mankhwala a Maso

Amuna anga ndi owotcherera zitsulo. Mageti, mabedi, mafelemu a mawindo, zonse amatha, ndipo dzanja lawo ndi labwino, ndisawanamizire. Chomwe alibe ndi makutu. Chigoba choteteza maso chilipo kushedi kwawoko, koma chimangolendewera pamsomali, akangaude anamangamo kale nyumba. Akuti chimatentha. Akuti mmisiri weniweni amangotsinzina moto ukathetheka. Anzawo onse mumsewu umenewo nzeru zake n'zomwezo.

Ndiye tsiku lina amuna angawo anadzuka maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, akubuula kuti muli mchenga. Sikanali koyamba. Apongozi anga aakazi, amene timakhala nawo, anatulukira ndi supuni m'manja, ine ndikuyamwitsa.

"Finyirani muno mkaka, make mwana, timudonthezere. Malemu bambo ake ankachira ndi zomwezi."

Mtima unandiwira.

"Amayi, pepani, koma ayi. Mkakawu ndi wa mwana. Nanga malemuwo ankachira bwanji, poti zaka zawo zomaliza munkachita kuwagwira dzanja popita kuchimbudzi?"

Apongozi anagwira pakamwa. "Ha! Koma mkazi uyu!"

Anene zimene anene. Ndinabereka mwana, n'kuwakoka amuna angawo mpaka kuchipatala. Adokotala anawapatsa mankhwala odontheza, n'kuwauza mosapita m'mbali kuti kuwala kwa moto umenewu kumapsereza diso ngakhale munthu aziphethira chotani, asiye kuthira zinthu zachabechabe m'maso, asiye kutikita ndi manja akuda, azivala chigoba. Iwo ankangoti, "Inde adokotala, zoona adokotala," ofatsa ngati nkhosa.

Maso atangoyera, anabwerera kuntchito. Ine ndinawatsatira masana ndi chakudya. Ndinawapeza atanjuta pageti la munthu, nkhope ili pamtunda, akukonzeka kuyatsa. Chigoba chili pamsomali pomwe paja.

Sindinakalipe. Ndinatula chakudya, ndinamasula mwana kumsana, n'kumukhazika pamiyendo panga kuyang'ana getilo. Ndinali nditakhala pachitayala chakutha, pafupi penipeni.

"Ukutani iwe? Tachoka apo," anatero amuna anga.

"Tabwera kudzaonerera ntchito. Yatsani."

"Wapenga kodi? Ndi mwana?"

"Si mumati moto umenewu supweteka? Naye atsinzina, ndi mwana wa mmisiri."

Anzawo anasiya kukhoma. Wopenta galimoto wa shedi yoyandikana anasuzumira. Mwana, osadziwa kanthu, ankangowasekerera bambo ake, malovu ali tsatsatsa.

"Chotsa mwanayo!" anakuwa amuna anga. "Apsa maso!"

"Ohoo! Kodi mumadziwa? Ndiye a mwana okha ndiwo maso, anuwo ndi mabatani a malaya?"

Anthu anafa nacho chiseko. Ine sindinaseke. Ndinali ndi mantha, ndiponso ndinali nditatopa nawo bambo amenewa, kuwakonda ndi kuwakwiyira nthawi imodzi.

"Ukundichititsa manyazi pamaso pa anzanga," anatero chapansipansi.

"Manyazi sapha munthu, bambo ake mwana. Anzanuwa mukadzachita khungu adzangoti pepa, n'kugawana makasitomala anu. Ine sindichoka. Mukayatsa opanda chigoba, tionera limodzi atatufe."

Anayang'ana makina, anayang'ana ine. Amandidziwa. Kungoyatsa, ndikanamufundika mwanayo ndi nsalu, koma iwo sakanayerekeza kundiyesa.

Anaimirira, n'kukapachula chigoba chija. Anachiuzira fumbi, anapukuta galasi lake ndi malaya, anachivala. Palibe amene anasekanso.

"Pita naye kutali tsopano," mawu anatuluka m'katimo, olemera.

Ndinabereka mwana. Nditafika pakhomo la shediyo ndinatembenuka.

"Mawanso tibwera."

"Ndamva."

"Ndi mkuja yemwe. Mpaka mwanayu adzayambe kuyenda, ndipo mudzamuone ndi maso anu akuyenda, osati kuchita kuuzidwa ndi ine."