Nduwira ya Kopolo Ridmal

Basi inawatsitsa m'munsi mwa phiri dzuwa lili paliwombo. Anali madoda khumi ndi asanu ndi atatu, onse opuma usilikali, mamendulo ali waliwali pachifuwa. Lalit, mlembi wa bungwe lawo, munthu woti mfuti amangoionera pa kanema, ndiye anawauza kuti kulinga lakale la pamwamba pa phirilo kuli mwambo wolemekeza asilikali. "Madala, valani zonse, mendulo isatsale ngakhale imodzi," anatero.

Sajeni Jabar Singh ankakwera masitepe pang'onopang'ono, dzanja la Kopolo Ridmal lili paphewa pake. Bomba linamudya maso Ridmal kumalire zaka makumi atatu zapitazo, ndipo chiyambire pamenepo maso ake anali Jabar. Pangano lawo linali limodzi: chimene Jabar waona anene chomwecho, osathirako nsinjiro.

"Ukuona chiyani, nkhalamba iwe?" anafunsa Ridmal.

"Makoma akadali chilili. Koma alembapo mayina a zibwenzi ponseponse. M'makona muli malovu ofiira a anthu otafuna fodya."

"Za mkodzo usavutike kunena, mphuno ndili nayo."

Atafika pamwamba, Jabar anangoti kakasi. Chipata chimene makolo awo anafera pochiteteza chinali chitakutidwa ndi nsalu za pinki ndi maluwa achikasu. Ukwati! Ukwati wa mwana wa mpondamatiki wina wamumzinda. Lalit anali akugwaditsa kale mutu kwa mayi wina wa mafoni awiri m'manja, amene ankayendetsa zonse. Mayiyo anawandandalika mizere iwiri pachipata. "Amamendulo ambiri patsogolo, zithunzi zioneke bwino!"

Apa Jabar anazindikira. Kani anawakweza basi m'mawa wonse uja kuti adzakhale zokongoletsera? Asa! Anafuna kulavula, koma pansi panali kapeti.

Pambali pake Ridmal anali atatukula chifuwa. Sabata yathunthu munthuyu anakhala akupukuta mamendulo amene sanawaonepo.

"Jabar, ng'omazo akuimbira ife?"

Jabar anayang'ana nkhope ya mnzakeyo, mmene inkawalira.

"Akuimbira ife."

"Ndikumva ziboda za hatchi. Wakwerapo ndani?"

Pahatchi yoyera panali mkwati, dzimuna lonenepa, lupanga lobwereka lili m'chiuno, maso ali pafoni.

"Mkulu wa asilikali," anayankha Jabar.

Ridmal anamenya sawasha, dzanja lili nga! pachipumi. Alendo anakuwa mosangalala, mafoni m'mwamba. Mayi wina wodzaza zibangili anamuyandikira n'kudzijambula naye, osafunsa ngakhale dzina.

Ndiye mayi wa mafoni uja anakwinya nkhope. Akuti nduwira za asilikali, zamtundu wa dothi, sizinkagwirizana ndi maluwa. Anakodola wantchito wake, amene anabwera atanyamula mulu wa nduwira za pinki, zosokeratu ngati zipewa. Zonyansa! Nduwira munthu amamanga yekha m'mawa, ndi manja ake. Wantchitoyo anayambira kwa amene sakanamuona. Anatambasula dzanja n'kuzula nduwira ya Ridmal pamutu, imvi zonse pamtunda, pamaso pa anthu.

Kuvula mwamuna nduwira pagulu! Kwathu kuno anthu aphana pa zochepa kuposa zimenezi.

"Chotsa dzanja, galu iwe!" Jabar anakuwa, n'kutsomphola nsaluyo. Inali itamasuka, nsonga yake itagwera pa ndowe za hatchi.

Lalit anathamangira pomwepo. "A Sajeni, chonde, pali chakudya chabwino tikamaliza..."

"Kadye wekha. Watigulitsa ndi mbale ya mpunga."

Madoda ena aja anachoka pamizere mmodzimmodzi. Jabar anatsogolera Ridmal kuseri kwa khoma, pamthunzi wonunkha mileme. Anatsuka nsonga ija ndi madzi a m'botolo lake n'kuika nsaluyo m'manja mwa mwini wake. Ridmal anayamba kumanga, modekha, kukulunga kamodzi, kawiri, katatu.

"Ridmal, ndikuuze zoona. Uja sanali..."

"Nyimbo ija anaiimba paukwati wa mwana wanga, Jabar. Anandithera ndi maso, makutu alipo."

"Nanga sawasha ija?"

"Unati mkulu wa asilikali. Ndinati kapena makutu andinamiza, poti iwe sunandinamizepo." Anatsindira nsonga ya nduwira kumbuyo. "Wantchito uja sandidziwa, wangoona wakhungu wovala mamendulo. Nanga iwe unaona chiyani?"

Jabar anafuna woti amuloze chala, koma tsopano panalibe wina, anatsala yekha.

Potsika, anapereka phewa monga mwa masiku onse. Ridmal sanaligwire. Anagwira khoma lomwe lija la malovu, n'kuyamba kufufuza sitepe yoyamba ndi phazi.