Mapando a Geresomo

Mwendo unakananso. Geresomo anakhala pansi kuti khu! ndodo n'kugwera uko. Anayang'ana kutsogolo. Madzi a chigumula anali kung'anima patali pomwe paja, ndipo amuna anzake anali atawerama m'mphepete mwake, akubzala chimanga.

Chinali chaka chotsatira nkhondo ya Azungu. Geresomo anapita ku mtengatenga, kukanyamula katundu wa asilikali, ndi miyendo iwiri yabwino, anabwerera kwa Tengani wina utafota ndi chilonda cha pakatumba. Mapira a kumtunda anapserera ndi dzuwa chaka chimenecho. Chotsala linali dimba basi, ndipo ulimi wa kudimba ndi wa changu. Madzi a Shire akamaphwera umawatsata pambuyo ndi mbewu, nthaka ikadali ndi chinyontho. Ukachedwa, wabzala m'fumbi.

Iye anali atadziikira lamulo. "Tsiku limene ndidzaponde m'madzi ndi mwendo uwu," anatero, "ndiye kuti ndachira, ndigwira khasu." M'mawa uliwonse ankamanga kathumba ka mbewu m'chiuno n'kunyamuka, ndipo tsiku lililonse mwendo unkamuthera asanafike. Kubwerera kunyumba ndi thumba lodzaza kunkamuchititsa manyazi. Choncho pomwe wakhalapo ankabaya pansi ndi ndodo, n'kuponyamo njere zitatu, n'kufotsera ndi chidendene. Sankati akubzala ayi. Ankangopepuza thumba, kuti mkazi wake Dorika asaone.

Ali chikhalire anatulukira Lorenso, Msena wa dimba loyandikana nalo, khasu lili paphewa.

"Shamwali, mwafikanso pampando wanu? Mawa ndikutengereni mphasa ndi mtsamiro?"

"Pita, iwe. Ndikupuma."

"Mwezi wathunthu kupuma! Akhwangwala ayamba kukupatsani moni."

Geresomo sanaseke. Lorenso anatsitsa khasu nanyonyomala pafupi, ndipo nthabwala zinatha.

"Tamverani. Akazi anu akulimbana okha kumeneko, ndipo chimfine chachikulu chija sichinawachoke m'chifuwa. Akabzala pang'ono akhala pansi kutsokomola. Chigawo chanu cha kumunsi, chonona chija, chikungouma. Ine ndili ndi manja ambiri kwanga. Ndipatseni chaka chino, mukachira mudzachitenga."

"Nanga ife tidya chiyani?"

"Mukachisunga mudya chiyani? Fumbi? Chimanga chikacha, dengu limodzi sindingakumaneni."

Geresomo anayang'ananso madzi aja. Anali patali monga momwe analili tsiku loyamba, osachepera, osaonjeza. Mtima unamuthera.

"Tenga."

"Mwanena ndi pakamwa panu?"

"Ndati tenga. Ine ndatha."

"Takhuta," anathokoza Lorenso m'Chisena chake, n'kunyamuka msangamsanga ngati woopa kuti mawuwo angabwezedwe.

Dzuwa litafika pamutu Dorika anabwera kuchokera kumunsi, akupuma movutika, matope mpaka m'mawondo.

"Bambo a Priska, n'zoona zimene akundiuza a Lorenso? Anthu awo alowa kale ndi makasu m'chigawo chathu."

"N'zoona."

"Osandifunsa n'komwe?"

"Ndikufunse chiyani? Mwezi wathunthu ndikuyenda njira ino. Taona madziwo. Ali pomwe anali tsiku loyamba. Sindinasendere ngakhale phazi limodzi. Mwendo uwu unafera kunkhondo, ine ndinangounyamula kubwera nawo."

Dorika anaponya khasu pansi. Anamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, kenaka anatsokomola, napukuta pakamwa ndi nsalu.

"Tadzukani. Tembenukani."

"Ndione chiyani? Mudzi?"

"Ndati tembenukani, bambo inu!"

Anadzuka motsamira ndodo natembenuka. Timapando take tija, momwe ankaponyamo njere, ankationa ndithu akamadutsa, koma kamodzikamodzi, n'kuyang'ana kumbali, poti kalikonse kankamukumbutsa tsiku limene analephera. Sanaimepo n'kutiona tonse pamodzi. Tsopano anationa. Tinali titandandalika m'mbali mwa njira. Pafupi ndi phazi lake panali phando ladzulo, losamera. Kumbuyo kwake kunali lina longotumphuka kumene, kenaka lina la masamba awiri, lina lofika m'kakolo, mpaka kutali uko, pafupi ndi mtunda wa kumudzi, kumene chimanga chinali chofika m'bondo, chikugwedezeka ndi mphepo.

"Chachikulu chija ndi cha tsiku loyamba," anatero Dorika. "Tsiku limene lija ndinachita kukutengani pamsana, mwaiwala? Madzi anali pati?"

Geresomo anamwaza maso kufunafuna malowo.

"Anali pa mgwalangwa uwo. Mgwalangwawo uli kuti lero?"

Unali kumbuyo kwawo, patali ndithu, moti munthu ataima pamenepo sakanamva kuitana.

"Madzi akuphwera tsiku ndi tsiku. Inu mukasendera, iwo asendera. Si inu munandiphunzitsa zimenezi nditangokwatiwa? Mukupikisana ndi chinthu chothawa, ndiye mukuti simukuyenda!"

"Mbewuzi unkazidziwa?"

"Akupalirira ndani? Mizimu? Ine ndimayesa mukuchita dala, mukuika zizindikiro kuti muziona momwe mwendo ukulimbira. Ndimati mwamuna wanga ndi wanzeru, ndisamusokoneze." Anatsokomolanso. "Ndikanadziwa ndikanalankhula kale. Ndipo pamene mwaimapa mukudziwa kuti ndi pati? Chigumula chinakwirira malire. Muli m'dimba mwanu, bambo. Lero ndi tsiku lachinayi mukukhala pansi m'dimba mwanu, mbewu ili m'chiuno."

Geresomo anayang'ana pansi. Anayesa kuitana, "Lorenso! Lorenso!" koma mawu anangothera m'bango. Dorika ndiye anabwerera kumunsi, wotopa choncho, kukapempha. Sanachedweko.

"Akuti nkhabe, akana. Akuti mbewu yawo yalowa kale m'nthaka, sangaifukule. Akuti munanena ndi pakamwa panu, kawiri."

"Ndinanenadi."

"Ndipite kwa akuluakulu?"

"Ukanene chiyani? Kuti anandilanda? Sanandilande. Ndinapereka ndekha." Anatambasula dzanja. "Bweretsa khasulo."

"Simunafike kumadzi," anatero Dorika, mkwiyo usanamuchoke. "Lamulo lanu lija bwanji?"

"Bweretsa khasu, mayi a Priska."

Anagwada pa bondo labwinolo, mwendo wodwalawo atautambalitsa, n'kutema pansi. Pamwamba panali pouma gwa, pong'alukang'aluka. Anakumba mpaka dzanja kulowa kufika m'chigongono, ndipo pansi pake anapeza dothi lozizira, lakuda. Anaponyamo njere, nafotsera, nadzikoka kusendera kutsogolo. Dorika anaima kanthawi akumuyang'ana, kenaka anatola ndodo ija n'kuyamba kuloza pokumba. Phando lililonse la kumtundako linkadya mphamvu ya mapando atatu a kumunsi.

Anabzala chigawo cha kumtunda chonse m'masiku asanu ndi limodzi. Theka linamera, theka linafera m'nthaka. Kumunsi chimanga cha Lorenso chinakula mpaka kubisa munthu, ndipo dengu lija anabweretsadi, limodzi, monga ananenera. Nkhokwe ya Geresomo inatha mvula isanagwe. Miyezi iwiri banja lonse linadya nyika, timizu takuda ta m'dambo tija, ndipo kamwana kawo Priska kanaonda mpaka mikanda kumagwa m'chiuno. Sikanafe, koma kanatsala pang'ono.

Wokazula nyikayo anali Geresomo mwini. Ankalowa m'madzi mpaka m'chifuwa, ndi mwendo womwe uja. Tsiku loyamba kuponda m'madzimo sanatchule za lamulo lake lija, ndipo Dorika sanamukumbutse.

Chaka chotsatira analitenganso dimba lake lonse. Koma anthu ankamudabwa ndi kachizolowezi kena: akayamba ntchito iliyonse, kaya kusosa, kaya kudula bango, ankayamba wazika ndodo pomwe wayambirapo, ndipo asanaweruke ankatembenuka kuiyang'ana. Lorenso ankamuseka kuti akulondera ndodo ingathawe. Iye ankangoti, "Imeneyo ndiyo sithawa."

Inu amene mwamva nkhaniyi, chitani bwino kuposa Geresomo. Musananene kuti ndatha, musanapereke chanu kwa wina, tayambani mwatembenuka muone pomwe munayambira. Ndipo ngati ndinu Dorika, mukuona mnzanu akusendera, muuzeni lero lomwe. Musayese kuti akudziwa.