Mafuta a Rozi a Manja a Amayi

Kapitawo wa kochapira zovala ku hotela anawapatsa amayi masabata atatu. Anati manja awo akapitiriza kusiya timadontho ta magazi pa nsalu zoyera za pabedi, asadzabwerenso, ofuna ntchito ali mbwee pageti.

Amayi anandiuza zimenezi akulimbana ndi chivindikiro cha botolo la mchere, zala zikukana kupinda. Zaka khumi ndi ziwiri akuviika manja m'madzi a sopo ndi mankhwala oyeretsa nsalu, opanda magolovesi. Khungu linali litauma gwaa, ming'alu ili yasaa m'mfundo za zala.

"Ndiye olakwa ndi manja anu?" ndinafunsa. "Mankhwalawo ndi ake, magolovesi sagula, lero mlandu ukhale wanu? Ndikupita konko."

"Khala pansi iwe Tsabola," anatero amayi. Dzinali anandipatsa ndi iwo omwe, ndipo sanaphonye. "Ukakafika kumeneko, masabata atatuwo asanduka mphindi zitatu."

Ndinakhala pansi, koma mtima unaimirirabe.

Mafuta a m'sitolo tinali titayesa kale. Onunkhira aja, amayi ankati akadzola amamva ngati awathira mchere pachilonda. Ndiye ndinatenga foni. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma kukonza ayironi ndinadziphunzitsa ndekha, kusoka zipi ndekha, ndiye mafuta odzola akanandikanika bwanji? Ndinapeza kuti pamafunika zinthu zitatu zokha: timasamba ta maluwa a rozi, mafuta, ndi phula la njuchi. Rozi tinali naye, chitsamba chimene amayi anadzala pafupi ndi mpopi, chosalawapo mankhwala opopera chibadwire. Mafuta a mpendadzuwa anali m'kabati. Phula ndinakagula kumsika, kwa bambo ogulitsa uchi, amene amakhala pafupi ndi mayi wogulitsa mazira.

Zina zimene zinalembedwa pafonipo ndinangodumpha. Ndinali pachangu, komanso nzeru za kukhitchini ndinali nazo zanga: chabwino n'chothyola kumene. Ndani amagula ndiwo zofota? Choncho ndinalawirira m'mawa, ndinathothola timasamba mame ali nyowee, n'kutiponya m'mafuta pomwepo. Ndinatenthetsa, ndinasefa, ndinasungunuliramo phula, n'kuthira m'kabotolo.

Achimwene anga, amene amayendetsa njinga yamoto, anasuzumira pakhomo la khitchini.

"Adokotala, chipatalachi chatsegulidwa liti? Nane ndili ndi zikang'a."

"Inu zanuzo zikufuna simenti," ndinawayankha.

Tsiku lachisanu amayi anatsegula kabotolo kaja n'kundionetsa. Ndinayang'ana. Pamwamba ponse panali chuku, chotuwa, chaubweya, fungo lake ngati thaulo loiwalika m'ndowa. Sabata imodzi inali pafupi kutha, manja a amayi ali chimodzimodzi.

Mutu unandiwira. Rozi ndi wathu. Mafuta ndi athu. Chachilendo chinali chimodzi chokha. Ndinanyamula kabotolo ulendo wa kumsika, slipasi zikulira phwa phwa phwa.

"Bambo inu!" ndinakuwa ndisanafike n'komwe pa tebulo lawo. "Mumagulitsa phula kapena makandulo owola? Taonani izi! Mukuona ngati ndine mwana ndiye mungondipatsa zinyalala? Amayi anga achotsedwa ntchito chifukwa cha kuba kwanuku!"

Msika unatembenuka. Mayi wa mazira anasiya kuwerengera kasitomala. Munthu wina amene anali atagwira kale botolo la uchi analibweza pansi pang'onopang'ono n'kuchokapo.

Bambo a uchi anamuyang'ana munthu uja mpaka anazimiririka, kenaka anatambasula dzanja. Ananunkhiza kabotolo, anakapendeka, n'kuloza pansi pake ndi chikhadabo.

"Ukuona timadzi tatsikira pansiti, mwanawe?"

"Sindine mwana wanu."

"Chabwino, achemwali. Maluwawa munathyola nthawi yanji?"

"M'mawa. Abwinobwino, mame ali pompo."

Mayi wa mazira anaphulika kuseka. Bambo a uchi sanaseke.

"Phula limakhala zaka osaola," anatero. "Mafuta nawonso saopa kanthu. Chimene chimabala chuku ndi madzi. Inu mwatsekera mame m'botolo, n'kuwafunditsa phula kuti asathawe. Duwa la mafuta liyambe lauma mpaka lizilira tswa tswa mukalifinya. Pamthunzi, osati padzuwa, lingathe fungo. Botolo nalo liume, supuni iume, ngakhale manja anuwo."

Ndinatsegula foni pomwepo kuti ndiwatsutse. Mzere wachiwiri weniweni, umene ndinaudumpha uja, unkanena zomwezo.

Ndinatola kabotolo kanga n'kuchoka. Makutu ankatentha njira yonse.

Kunyumba ndinathyola maluwa masana, dzuwa litamwa mame onse. Ndinayala timasamba pa nyuzipepala pamwamba pa wadiropu, n'kuuza achimwene kuti akangoponyapo chipewa chawo, tionana. Masiku anayi ndinkakwera pampando kukatitembenuza. Timasamba tinafota, tinada pang'ono, tinachepa mpaka ndinkaopa kuti sitikwana. Tsiku lachinayi ndinafinya kamodzi. Tswa.

Ulendo uno sindinadumphe mzere. Botolo ndinaliwiritsa n'kuliyanika mpaka linauma mbee. Ndinathiramo timasamba, mafuta pamwamba mpaka tonse tinamira, n'kuimika botololo m'poto wa madzi otentha, moto wochepa, maola atatu, ndikulondera kuti nthunzi isagweremo. Ndinasefa ndi kansalu koyera, ndikufinya mpaka zala kuwawa. Mafuta anatuluka agolide, fungo lake lapansipansi, losadzionetsera. Phula, lomwe lija la bambo a uchi, ndinalipala n'kusungunuliramo, supuni imodzi pa masupuni anayi a mafuta. Ndinadontheza pa mbale yozizira: linagwira, ndipo nditakhudza linasungunuka pachala. Sindinatseke botolo mpaka litazizirira, kuopa thukuta la m'chivindikiro.

Panatsala masiku khumi. Amayi ankadzola akamachoka, pa nthawi yopuma, ndi akaweruka. Ndinawathirira ena m'kachitini kakang'ono ka m'thumba la yunifolomu. Tsiku lachitatu anati sakumvanso kuwawa akamapinda zala. Tsiku lachisanu ndinatsegula botolo mtima uli m'mwamba: loyera, losalala, chuku palibe. Lachisanu ndi chiwiri anatsegula okha botolo la mchere, ndipo achimwene anaomba m'manja ngati chigoli.

Koma kachitini kaja kankatha msanga modabwitsa.

"Amayi, mukudya kapena mukudzola?"

"Uganiza manja ong'aluka ndi anga okha kuntchito kuja?" anatero. "Tilipo anayi."

Tsiku lomaliza ndinawadikira pageti la hotela, mlonda akundiyang'anitsitsa chifukwa ndinkangozungulirazungulira. Amayi anatuluka mochedwa, chikwama chili paphewa, nkhope yosawerengeka.

"Nanga?"

"Kapitawo anandiuza nditambasule manja. Ndinatambasula. Anatembenuza uku, anatembenuza uku, anafuna mng'alu, sanaupeze. Ndiye anzanga aja anabwera nawonso n'kutambasula awo. Tinamuuza kuti manjawa tawapoletsa tokha, iye agule magolovesi asanang'alukenso."

"Anati chiyani?"

"Anati aona. Ife tikamukumbutsa Lolemba." Anandigwira patsaya. Chikhatho chawo sichinandikande. "Mawa ndikulowa sikisi, monga mwa masiku onse."

Ndinafuna kukuwa mpaka hotela yonse imve kuti mafutawo ndinapanga ndine, m'khitchini ya mbaula imodzi. Koma panali kukuwa kwina kumene kunali kundidikira.

"Tidzere kumsika," ndinatero.

Bambo a uchi atandiona anakokera mabotolo awo kumbuyo.

"Konzekani, mvula ija yabweranso," anatero mayi wa mazira.

Ndinaima pamalo pomwe paja ndinaima tsiku lija, n'kukweza mawu kufika pomwe anafika tsiku lija, osachotserapo.

"Tamverani nonse! Ndinawanena bambo awa kuti ndi akuba. Ndinanama! Phula lawo ndi lenileni, wolakwa ndinali ine ndi mame anga. Ndinawanyoza pagulu, ndikupepesa pagulu. Ofuna uchi gulani pano!"

"Iii, kupepesa kwake ngati ndewu," anatero mayi wa mazira.

Bambo a uchi anapukusa mutu, akubisa kumwetulira. Amayi anayala manja awo onse awiri pa tebulo, pakati pa mabotolo a uchi. Bambowo anawerama, anayang'ana mfundo za zala imodziimodzi, timizere tofiirira pomwe panali ming'alu.

"Awa ndi manja a ntchito ya achemwali awa?" anafunsa.

"Mwana wanga ameneyo," anatero amayi. "Mutipatseko phula lina. Lalikulu. Tilipo anayi."