Ola Limodzi ndi Mphindi Khumi

"Ola limodzi ndi mphindi khumi basi, bambo. Tiyi asanazizire mwafika," anatero mayi wogulitsa matikiti a ndege, akukankhira chiphaso pansi pa galasi.

Mawu amenewa ankawanena kambirimbiri pa tsiku, mpaka anzake anamupatsa dzina loti Mayi Ola. Choipa chake, iye mwini anawakhulupirira. Mumzinda womwe ndegeyo inkapita ndimo munkakhala amayi ake omubereka, ndipo panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi asanawaone. Chaka chilichonse kampani inkamupatsa tikiti yaulere. Iye ankaiponya m'dirowa n'kumati, "Aaa, pafupi pomwepa. Ndipita mwezi wamawa."

Lolemba lina masana foni yake inalira. Anali mchimwene wake.

"Achemwali, amayi asiya kudya. Adokotala akuti amene akufuna kuwaona asachedwe."

"Musadandaule achimwene, ndi ola limodzi lokha..."

"Ola limenelo talidikira zaka zingati?" Foni inaduka.

Anasuzumira pawindo. Ndege ya tsikulo inali itangonyamuka, ikuoneka ngati kadontho m'mitambo. Sanafunikire kufunsa munthu, ndandanda anali kuidziwa pamtima: ina inali ya Lachinayi. Manyazi ndi mantha zinamugwira nthawi imodzi.

Mnzake wa pawindo lachiwiri, mayi wachikulire wosabisa mawu, anali atamva zonse.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwana iwe. Matikiti ako aja akanakhala mazira, bwenzi pano tikuweta nkhuku m'dirowamu."

"Ndidikira Lachinayi, amama. Nanga nditani?"

"Basi ya madzulo ano ilipo."

"Maola khumi ndi asanu ndi anayi! Msewu wake wokumbika uja?"

"Eya. Koma mawa ukhala utafika. Ndege yako yothamangayo ikakupeza uli komweko."

Zaka zonsezi Mayi Ola ankawamvera chisoni anthu okwera basi, n'kumati akuzunzika ndi dala. Koma anthu amenewo ankafika kwawo.

Pawindo panaima mtsikana wovala jekete, foni ili m'manja.

"Pepani amayi, tikiti sindigula lero, ndikungofunsa. Kumene ndege yanuyi imapitako kuli bambo anga. Kodi ndi kutali bwanji?"

Mawu a masiku onse anafika pamlomo, koma anakana kutuluka.

"Makilomita mazana asanu ndi atatu," anayankha motsitsa. "Mukakwera, ndi ola limodzi. Mukamati ndi pafupi, ndi zaka zisanu ndi chimodzi."

Mtsikanayo anamuyang'ana modabwa. Mayi Ola anavula kampango ka yunifolomu, n'kukapinda, n'kukaika m'dirowa pamwamba pa matikiti aja. Makiyi anapatsa mnzake.

Panja anaimitsa njinga yamoto.

"Kudepoti ya mabasi," anatero, misozi ikutsika. "Chonde achimwene, thamangani."